Kabokosi ka Raspberry Pi Kakavuta Kuno Kuchigwa, Yambirani Apa

Madzulo ena mu Novembala, alamu anga amene ali ndi kanyumba koonetsera kanema kufupi ndi msika wa ku Ngabu anandiimbira foni mawu ali m'mwamba. "Alamu, kabokosi kaja kafa. Ana adzaza, ndalama ndatolera kale, koma chithunzi changouma." Nditawafunsa zimene achitapo, anati khadi losunga pulogalamu alifufuta katatu konse n'kuikamonso pulogalamu, ndipo ulendo uliwonse kabokosiko kamagwira bwino m'mawa, dzuwa likafika paliwombo n'kuyambiranso. Kutacha ndinakwera minibasi pa Nchalo. Ndinakapeza katapanikizidwa kuseri kwa TV, pamwamba pa ampulifaya yotentha, malata ali chapafupi pamutu, ndipo moto kamakokera ku chaja ya foni ya nthambo yowonda ngati ulusi. Pulogalamu imene anaivutitsa masiku atatu inalibe mlandu.

Zoterezi ndaziona kangapo, n'chifukwa chake ndikulemba. Kuno kwathu vuto likabuka, woyamba kumuganizira ndi moto, wachiwiri kutentha, wachitatu khadi. Pulogalamu imabwera kumapeto kwenikweni. Amene amayambira kumapeto amataya masiku ndi mabandulo, vuto lili pomwepo.

Kwa amene mwangokalandira kuchokera kwa m'bale wa ku Blantyre kapena ku Joni: Raspberry Pi ndi kakompyuta kokula ngati khadi la ku banki, kochokera ku UK, ndipo koyamba kanatuluka mu 2012. Pulogalamu yoonetsera kanema imene ambiri timaikamo dzina lake ndi Kodi. Musasokonezeke ndi "kodi" wathu wofunsira. Kale inkatchedwa XBMC, dzina latsopanoli inalitenga mu 2014. Kodi sayenda yekha, amafuna pokhala, ndiko kuti pulogalamu yoyendetsa kabokosi konse, ndipo pokhala pake podziwika ndi LibreELEC, imene inayamba mu 2016, ndi OSMC. Zimene ndikufotokoza pano ndi za LibreELEC pa Pi 3 ndi Pi 4, popeza ndi zimene zimadutsa m'manja mwanga.

Pempho limodzi tisanayambe: muzisintha chinthu chimodzi, n'kuyesa, kenako china. Mukasintha chaja, khadi ndi nthambo nthawi imodzi kabokosi n'kuchira, simudziwa chimene chinali chodwala, ndipo mawa mudzachibwezeretsa pomwepo.

Choyamba, yang'anani timagetsi tiwiri tija

Musanagwire rimoti, gwadani muyang'ane pa bolodi penipeni. Pali kagetsi kofiira ndi kobiriwira. Kofiira ndi ka moto, kobiriwira kamaphethira pamene kabokosi kakuwerenga khadi.

Kofiira kayenera kuyaka osaphethira ngakhale pang'ono. Kakamathimathima kanema ali mkati, kapena kakathimiratu kabokosi kakugwirabe ntchito, ndiye kuti moto watsika kupyola pa mavoti 4.63. Pamenepo kabokosi kamadzichepetsera liwiro kuti kasagwe, ndipo inu mumaona chithunzi chikudukiza, rimoti ikuchedwa kumva, fulashi ikuoneka n'kusowanso. Pa mapulogalamu akale pankabwera kachizindikiro ka mphezi kachikasu pakona ya kumanja m'mwamba. Musadalire kachizindikiroka, chifukwa pa atsopano mutha osakaona ngakhale moto ukuperewera.

Pi 3 imafuna mavoti 5.1 ndi maampu 2.5. Pi 4 imafuna mavoti 5.1 ndi maampu 3, kudzera pa USB-C. Pi 5 ndiye yadyera kuposa onse, chaja yake yeniyeni ndi ya maampu 5. Machaja ambiri a foni a pamsika amalembedwa manambala okoma pakhungu, koma akalemedwa amagwada. Ndipo foni siidandaula, imangochedwa kudzaza. Kompyuta ndiye siipirira. Chinanso chimene ambiri sachiganizira ndi nthambo. Chaja ikhoza kukhala yabwinobwino, koma nthambo yaitali, yowonda mkati, imadya moto panjira. Pezani yaifupi, yonenepa, yosapitirira mita imodzi. Ine ndikamapita kokonza ndimanyamula chaja imodzi imene ndimaikhulupirira, ndipo chinthu choyamba ndimangoisinthanitsa ndi ya mwini wake n'kuonetsa kanema yemweyo amene amavuta.

Ngati mukufuna umboni weniweni, kabokosi kamasunga mbiri yake. Pitani ku Settings, kenako LibreELEC, kenako Services, muyatse SSH, njira yolamulira kabokosi polemba malamulo kuchokera pa laputopu kapena foni. Lumikizani kabokosi ndi laputopu kapena foni pa hotspot imodzi. Nambala ya IP muipeza pa System information, pansi pa Network. Pa laputopu gwiritsani ntchito PuTTY, pa foni pulogalamu iliyonse ya SSH. Dzina lolowera ndi root, ndipo ngati simunasinthe, mawu achinsinsi ndi libreelec. Mukalowa lembani izi:

vcgencmd get_throttled

Yankho likakhala 0x0, zonse zili bwino chiyatsireni. Likakhala 0x50000, moto unaperewerapo nthawi ina ngakhale pano wabwerera. Likakhala 0x50005, ukuperewera panopa pamene mukuwerengapo. Mukaona 0x20000 kapena 0x80000, nkhani ndi kutentha. Lamuloli muzilemba kanema atayenda kwa kanthawi, osati mutangoyatsa kumene.

Ambirife kuno timadalira sola. Chiyambire pamene namondwe Ana anaononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, anthu ochuluka anagula mapanelo ndi mabatire ndipo sanabwererenso m'mbuyo. Ngati muli pa batire la mavoti 12, musazungulire njira yaitali yokweza moto ndi inveta kufika pa 230 kenako n'kuutsitsanso ndi chaja. Mukutaya moto kawiri, komanso batire likafooka usiku inveta imangodula mwadzidzidzi. Gulani kachipangizo kotsitsa moto kuchoka pa 12 kufika pa 5, kamene amakatcha buck converter, kotha kupereka maampu 3 kapena kuposerapo. Ngati ndi kosinthika ndi sikuludiraiva, yambani mwayeza ndi mita, muike pa 5.1, ndipo pokhapo ndiye mulumikize kabokosi. Mavoti 12 akangolowa mwachindunji ngakhale kamphindi, bolodi yapita, palibenso kukonza.

Kachiwiri, kutentha

Amene anapanga timabokosi timeneti sanakhalepo m'nyumba ya malata ku Bangula mu Okutobala. Kuno miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40 panja, ndiye ganizirani m'kanyumba kopanda siling'i, mazenera otsekedwa ndi nsalu zakuda kuti chithunzi chioneke, anthu makumi atatu akupumiramo. Purosesa, ubongo wa Pi, ikafika pa madigiri 80 imayamba kudzichepetsera liwiro, ikafika pa 85 imachepetsa kwambiri. Pi 3B+ imayambiratu msanga: pa madigiri 60 imatsika kuchoka pa 1.4GHz kufika pa 1.2GHz.

Chizindikiro cha kutentha n'chosavuta kuchizindikira mukachidziwa. Vuto limatsata dzuwa. M'mawa kanema amayenda bwino, masana yemweyo amachita chibwibwi, usiku kwambiri n'kuchiranso. Kapena amayamba bwino, pakatha mphindi makumi awiri n'kuyamba kudukiza. Kuti mutsimikize, onetsani kanema kwa theka la ola, kenako pitani ku System information, pa Hardware, muwerenge kutentha kwa CPU, imene ndi purosesa ija. Pa SSH lamulo lake ndi vcgencmd measure_temp. Ine ndikaona nambala ikusewera m'ma 70 ndimachitapo kanthu, sindidikira 80.

Chochita choyamba sichifuna ndalama. Kachotseni kuseri kwa TV, kachotseni pamwamba pa ampulifaya kapena dikoda, katsitseni kutali ndi malata. Ngati kali m'kabokosi ka pulasitiki kotsekeka, vundukulani. Kwa alamu anga a ku Ngabu tinakhomera kathabwa pakhoma la kum'mwera, chapakatikati, n'kuimika bolodi choimirira kuti mpweya uzidutsa mbali zonse ziwiri. Ena amakaphimba ndi kansalu koluka pofuna kukateteza ku fumbi. Cholinga n'chabwino, koma kuli ngati kufunditsa bulangete munthu wa malungo.

Kenako matani kachitsulo kochotsa kutentha, heatsink, pamwamba pa purosesa. Pa Pi 4 kuno kuchigwa kachitsulo kokha nthawi zambiri sikakwanira, pamafunika kafani ka mavoti 5. Waya wofiira umapita pa pini nambala 4, wakuda pa pini nambala 6. Mapini awiriwa ali moyandikana pa mzere wakunja, wachiwiri ndi wachitatu kuchokera kumapeto kumene kuli khadi. Lumikizani kabokosi katathimitsidwa, ndipo werengani mapiniwo kawiri musanabaye. Pali timabokosi tina toikamo bolodi, tachitsulo tokhatokha, timene thupi lonse limagwira ntchito yochotsa kutentha. Ngati wina akubwera kuchokera ku tauni, mutumeni kameneko, chifukwa kalibe fani yoti n'kufa.

Fani imakoka fumbi, ndipo kuno fumbi silisowa. Kwathu ku Nchalo nyengo yodula nzimbe timaonjezera ndi phulusa lakuda lija limagwa minda ikatenthedwa. Kamodzi pamwezi thimitsani, zulani nthambo zonse, mupukute ndi mswachi wouma. Muyang'anenso nyerere ndi mphemvu, zimakonda pofunda. Nyengo ya mvula mdani amasintha: chinyezi, madzi osefukira ndi mphezi. Amene tinaona za Freddy mu Malichi 2023 sitiikanso zamagetsi pansi. Kukayamba kugunda, zulani chaja ndi nthambo ya HDMI yomwe.

Kachitatu, khadi

Pulogalamu yonse imakhala pa kamemore khadi kakang'ono kaja, microSD, ndipo kabokosi kamalembapo nthawi ndi nthawi ngakhale inu mukungoonera. Magetsi akathima kakulemba, zimene zinali kulembedwazo zimaduka pakati. Kamodzi mwina mupulumuka, koma zikachitika kawirikawiri tsiku lina kabokosi sikadzuka. Choncho kuzula chaja pakhoma si njira yothimitsira. Pitani pa chizindikiro cha Power, musankhe Power off system, mudikire kagetsi kobiriwira kasiye kuphethira, ndiye muzule. Aphunzitseni ana ndi aliyense amene mumamusiyira kanyumba. Ena amaika power bank pakati pa chaja ndi kabokosi kuti magetsi akathima kasagwe. Nzeruyi ndi yabwino, koma iyeseni kaye: ma power bank ambiri amadula moto kamphindi pamene magetsi achoka kapena kubwera, ndipo kamphindi komweko n'kokwanira kugwetsa kabokosi.

Kabokosi kakakana kudzuka, kagetsi kobiriwira kamanena chifukwa chake. Werengani kuphethira kwake. Kakaphethira kanayi n'kupuma, kanayi n'kupuma, ndiye kuti sikakupeza fayilo yoyambira ya start.elf. Kakaphethira kasanu n'kawiri, sikakupeza fayilo ina yofunika yotchedwa kernel. Zonse ziwirizi zikuloza ku khadi. Kakapanda kuphethira n'komwe, thimitsani, tulutsani khadi, pukutani timizere take tagolide ndi kansalu kouma, mubwezeretse mpaka likhazikike.

Pali nkhani yowawa ya makhadi achinyengo. Ndinagulapo khadi lolembedwa 64GB pa benchi ina, mtengo wake wokoma. Kompyuta inkaonetsadi 64GB, koma ndikadzaza mafayilo, oyambirira ankaonongeka mwakachetechete. Mkati mwake munali malo ochepa kwambiri. Khadi lotere limalola kuikamo pulogalamu, limayenda sabata imodzi kapena ziwiri, kenako zodabwitsa zimayamba. Khadi lililonse latsopano liyeseni ndi kapulogalamu ka pa Windows kotchedwa H2testw, kamene kamadzaza khadi lonse n'kuwerenganso. Kamatenga nthawi, koma kakanena kuti lili bwino mumagona tulo. Simufunikanso lalikulu: 16GB kapena 32GB ndi lokwana, makanema azikhala pa fulashi.

Mukatsimikiza kuti khadi laonongeka, ino ndiyo nthawi yolembanso pulogalamu. Gwiritsani ntchito Raspberry Pi Imager kapena LibreELEC USB-SD Creator pa laputopu, ndipo musankhe fayilo yogwirizana ndi bolodi yanu: ya RPi2 ndi imene imagwira pa Pi 2 ndi Pi 3, ya RPi4 ndi ya Pi 4 basi. Kukopera fayiloyo pa khadi ngati mmene timakoperera nyimbo sikugwira, iyenera kulembedwa ndi mapulogalamu amenewa. Mukamaliza, Windows ikhoza kukufunsani kuti ifomate gawo lina la khadi limene siikulizindikira. Kanani. Ndipo poyatsa koyamba kabokosi kamakonza malo pa khadi n'kudziyatsanso kokha; musakadule moto poganiza kuti kajama.

Timagetsi tili bwino koma TV ili bii

Apa musathamangire kufufuta kanthu. Pi 4 ili ndi mabowo awiri a micro HDMI. Gwiritsani ntchito limene lili pafupi ndi polowera moto, lolembedwa HDMI0. Timaadaputa tating'ono tosinthira micro HDMI timagwedera msanga, makamaka nthambo yolemera ikamalendewera. Nthambo yathunthu ya micro HDMI mbali imodzi ndi yodalirika kuposa adaputa.

Kenako tsatani ndondomeko yoyatsira: TV iyambe, muike pa HDMI yoyenera, kabokosi kabwere pambuyo. Kakamadzuka kamafunsa TV kukula kwa chithunzi chimene imatha kulandira. Magetsi akabwera zonse n'kuyakira limodzi, kabokosi kamafunsa TV isanadzuke, sikayankhidwa, ndiye kamangokhala chete. Ngati izi zimakuchitikirani kawirikawiri, kauzeniretu chochita. Thimitsani, ikani khadi mu laputopu, mutsegule gawo lotchedwa LIBREELEC. Pa LibreELEC 10 kupita m'tsogolo, tsegulani fayilo ya cmdline.txt, ndipo kumapeto kwa mzere umene ulipowo siyani mpata umodzi n'kulemba:

video=HDMI-A-1:1280x720@60D

Zonse zikhale pa mzere umodzi womwewo, musadinde Enter. Pa LibreELEC 9.2 njira yake ndi ina: mu config.txt muonjezere mzere wakuti hdmi_force_hotplug=1.

Chithunzi chikadukira m'mbali, mawu a pansi osaoneka, yambani mwafufuza pa TV penipeni pamene pamasinthidwa kukula kwa chithunzi. Ma TV ena amalemba Just Scan, ena Screen Fit. Zikakanika, mu Kodi pitani ku Settings, System, Display. Pansi kumanzere pali mawu osonyeza mlingo. Dinani mpaka afike pa Expert, ndipo mupeza Video calibration yokokera makona a chithunzi.

Kanema uyu akuyenda, uyo akukana

Moto uli bwino, kutentha kuli bwino, koma fayilo ina imadukiza pamene zinzake zikuyenda myaa. Apa vuto lili m'fayilomo. Makanema amapanikizidwa m'njira zosiyanasiyana, ndipo ziwiri zofala ndi H.264 ndi H.265, imene imatchedwanso HEVC. Pi 3 ili ndi kachipangizo kapadera komasulira H.264 mpaka 1080p, koma ka H.265 ilibe, choncho ntchito yonse imagwera purosesa, imene imalemedwa n'kutentha. Pi 4 imamasula zonse ziwiri, H.265 mpaka 4K. Mtundu watsopano wa AV1 palibe mwa mabolodi amenewa imene ili ndi kachipangizo kake.

Yang'anani dzina la fayilo. Mukaona x265, HEVC, 10bit kapena 2160p ndipo muli ndi Pi 3, mwapeza chifukwa. Ngati dzina silikunena, lumikizani kiyibodi, ndipo kanema akuyenda dinani chilembo O. Pabwera mawu osonyeza mtundu wake. Mayi ena a ku mpingo kwathu anabwera ndi kanema wa chinkhoswe cha mwana wawo, wojambulidwa pa foni yatsopano, ali okhumudwa kuti abale atasonkhana kudzaonera chithunzi chimangodumpha. "Mwanawe, ndiye kuti wojambula uja anatipusitsa?" Ndinawauza kuti ayi amayi, kanema wanu ali bwinobwino. Foniyo inajambula mu HEVC. Tinamudutsitsa mu HandBrake, pulogalamu yaulere ya pa laputopu, n'kumusandutsa H.264 wa 720p, ndipo madzulo omwewo anaonera mpaka kumapeto. Inu amene mumakabenetsa makanema, muuzeni wobenayo kuti akupatseni a x264.

Pali kudukiza kwina kochepa, kooneka kamera ikamayenda cham'mbali monga pa mpira. Pitani ku Settings, Player, Videos, muike Adjust display refresh rate pa On start/stop kuti TV izitsata liwiro la kanemayo.

Hadi diraivi ndi nkhani ina. Mabowo onse a USB a Pi 3 kapena Pi 4 pamodzi amapereka maampu 1.2 okha. Diraivi ikamalira kuti tiki, tiki, osaoneka pa sikirini, siinafe, ikusowa moto woyambira kuzungulira. Ipatseni USB hub yokhala ndi chaja yakeyake. Ikaoneka koma n'kumavuta kutseguka, mwina inazulidwa pa Windows osaitulutsa bwino. Ibwezereni pa laputopu, muisiye ikonzedwe, muitulutse mwa dongosolo. Fulashi ikakana fayilo yaikulu malo alipo, ndiye kuti ili pa FAT32, imene siilandira fayilo yoposa 4GB. Samutsani zimene zilimo, muifomate kukhala exFAT. Ndipo pa Pi 4, chipangizo cholumikizidwa pa mabowo abuluu a USB 3 chimatha kusokoneza Wi-Fi ya 2.4GHz ndi timakiyibodi topanda waya. Zikatero chitalikitseni ndi nthambo yoonjezera, kapena chisamutsireni pa bowo lakuda.

Mawu

Chithunzi chilipo, mawu palibe: Settings, System, Audio. Pa Audio output device sankhani HDMI ngati mawu akutulukira pa TV, kapena analogue ngati mwabaya ampulifaya pa kabowo ka mahedifoni. Number of channels ikhale 2.0, ndipo Allow passthrough ikhale yothimitsa, chifukwa ma TV ndi maampulifaya athu ambiri satha kumasula okha mawu a Dolby kapena DTS. Ngati nyimbo ndi phokoso zikumveka kwambiri koma zolankhula zili pansi, kanema akuyenda tsegulani zosintha za mawu mukweze Volume amplification pang'onopang'ono. Masipika akamalira kuti huuu pamene ampulifaya ndi kabokosi zikumwa batire limodzi, tengerani mawu kuchokera pa TV m'malo mwa kabowo ka Pi. Pi 5 ilibiretu kabowo kameneka.

Rimoti ya TV ikaleka kulamula Kodi, yatsani pa TV chotchedwa CEC, njira imene rimoti imalamulira kabokosi kudzera pa nthambo ya HDMI. Samsung amaitcha Anynet+, LG amaitcha SimpLink, Sony amaitcha Bravia Sync. Zikakanika, zulani TV pakhoma kwa mphindi imodzi n'kuyambiranso. Foni imathanso kukhala rimoti kudzera pa pulogalamu ya Kore, mukayatsa Allow remote control via HTTP pa Services, Control.

Intaneti, nthawi ndi ma add-on

Pi 3 ndi Pi 4 zilibe kabatire kosunga nthawi. Zikathima zimaiwala tsiku, ndipo zimadalira intaneti kuti zidziwenso. Tsiku likalakwika, malo ambiri a pa intaneti amakana kulankhula nako, ndiye ma add-on, timapulogalamu toonjezera mu Kodi, amangotulutsa uthenga wa error ngakhale netiweki ili yodzaza. Yang'anani koloko ya pakona. Ngati yasokonekera, yatsani hotspot kabokosi kasanadzuke, ndipo mu LibreELEC, pa Network, muyatse Wait for network before starting Kodi. Pa Interface, Regional, sankhani dziko la Malawi kuti maola akhale athu. Ngati kabokosi sikakuiona n'komwe hotspot ya foni, kumbukirani kuti Pi 3B imamva 2.4GHz yokha, sinthani pa foni kuchoka pa 5GHz.

Add-on imene inkagwira kale n'kufa mutakweza pulogalamu, kawirikawiri chifukwa chake ndi ichi: kuyambira Kodi 19, wa mu 2021, ma add-on amayenera kulembedwa mu Python 3, ndipo akale a nthawi ya Kodi 18 sagwiranso pokhapokha mwini wake atawakonza. Kunena zoona, ma add-on olonjeza mpira ndi makanema aulere ndi amene amabweretsa mavuto ambiri pa timabokosi timene ndimalandira. Amaba zinthu za eni ake, amafa popanda chenjezo, ndipo ena amabwera ndi katundu wolemera amene Pi 3 singamusenze. Ine sindiwaika, ndipo ndikawapeza ndimapempha mwini wake tiwachotse tisanafufuze china chilichonse. Zokweza pulogalamu nazo ziikeni pa manual mu LibreELEC, pa Updates, kuti kabokosi kasamadye bandulo kapena kusintha zinthu usiku woti mawa muli ndi anthu.

Zonsezi zikalephera

Tsopano ndiye tingaiyang'ane pulogalamu. Kodi amalemba zonse zimene zikumuchitikira m'fayilo ya /storage/.kodi/temp/kodi.log. Pitani ku Settings, System, Logging, muyatse Enable debug logging, mudzutsenso kabokosi, muchite chimene chimabweretsa vutolo, kenako muwerenge mizere ya kumapeto kwa fayiloyo. Simukuyenera kumva zonse. Funani mawu akuti error, muone dzina limene lili pambali pake. Nthawi zambiri limakhala la add-on kapena la fayilo imene yavuta. Mukamaliza muthimitsenso debug logging.

Pali kuyesa kumodzi kumene ndimakukonda chifukwa sikutaya kanthu. Pa SSH lembani malamulo atatu awa, limodzi limodzi:

systemctl stop kodi
mv /storage/.kodi /storage/.kodi-wakale
systemctl start kodi

Kodi adzuka ngati watsopano, zanu zonse zili pambali osafufutidwa. Vuto likatha, ndiye kuti linali m'zosintha zanu kapena mu add-on ina, ndipo mutha kubwezera zinthu chimodzichimodzi mpaka wolakwayo aonekere. Likapitirira, bwererani ku chaja, kutentha ndi khadi, pali chimene chinakudutsani. Pofuna kubwerera mwakale, imitsaninso Kodi, muchotse .kodi watsopanoyo, mubwezere dzina la wakale uja.

Tsiku limene zonse zikuyenda bwino, pitani mu LibreELEC, pa System, mupange Backup, muikopere pa fulashi. Ngati thumba likulola, konzani khadi lachiwiri loyesedwa kale, lokhala ndi zonse. Alamu anga lawo analikulunga m'kapepala n'kuliika m'kabotolo kouma ka mankhwala, pa shelefu ya m'mwamba pamene madzi sangafike. Khadi loyamba litagwa magetsi atathima pakati pa kanema mu Febuluwale, anathimitsa, n'kusinthanitsa, ndipo ana asanayambe kuitanitsa ndalama zawo chithunzi chinali chitabwerera.